Chilwa ikuphwa pafupipafupi: kodi mwana agulebe bwato?

Msodzi wa ku Kachulu:

Moni nonse a pa gulu lino. Nkhani imene ndabwera nayo yachokera kwa mdzukulu wanga, yemwe wasunga kandalama ka ganyu ya m'minda ya mpunga ndipo akufuna kudziwa ngati kuli kwanzeru kugula bwato ndi matchera akeake. Ndinakhala chete nthawi yaitali osamuyankha, chifukwa nyanja ya Chilwa ndaiona ikuphwa kangapo ndi maso angawa. Mu 1968 ndinali kamnyamata, ndipo chimene chinatsala m'mutu mwanga ndi fungo la nsomba zowolera pa matope. Mu 1995 ndinali kale ndi banja, ndipo tinkayenda wapansi kuchokera pa doko mpaka ku chilumba cha Chisi, njinga zikudutsa pamalo pomwe kale tinkakokerapo makoka. Mu 2012 madzi anathawiranso kutali, ndipo mu 2018 mabwato athu anagona pa nthaka yong'aluka kwa miyezi, ena mpaka matabwa anatseguka. Mukawerenga bwino muona kuti poyamba panadutsa zaka 27, kenaka 17, kenaka 6 zokha. Pambuyo pake namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anaidzaza nyanjayo mpaka madzi analowa m'nyumba ndi m'minda ya anthu. Ndiye ndikufunsa inu amene munaphunzira ndi inu amene mumadyera m'madzi monga ine: kodi uku ndiko kusintha kwa nyengo kumene timamva pa wailesi, ndipo kodi mwana wa lero angamange moyo wake pa nyanja yotere?

Mayi wa geni ya matemba, Songani:

Zikomo bambo poyambitsa nkhaniyi. Ine sindiponya ukonde, koma ana anga onse aphunzira sukulu ndi matemba a ku Chilwa. Nyanja itaphwa mu 2018 ndinayamba kukapikula usipa ku Mangochi, ndipo ndalama ya galimoto inkadya phindu lonse, pakuti kumeneko ndinali mlendo wopanda msodzi wondisungira nsomba. Koma chimene ndikufuna kuwonjezera n'chakuti vuto silili pa kuphwa kokha. Mvula ya masiku ano imabwera mosadziwika bwino, ndipo ukayanika nsomba pa thandala m'mawa kuli ngwee, masana kumagwa chimvula chimene chimakhala masiku atatu osakata. Matemba onyowa kawiri amada, amafumbutuka, ndipo pa msika amagulidwa pa mtengo wa chakudya cha nkhuku. Nkhuni zowambira mlamba nazonso zikuchokera kutali chaka ndi chaka, chifukwa mapiri a Chikala amene tinkadalira ayera.

Mphunzitsi wopuma, Monkey Bay:

Bambo a ku Kachulu, ndakumvani ndipo sindikutsutsa zimene maso anu anaona. Komabe ndili ndi nkhawa ndi chizolowezi chimene chafala, choti chilichonse chikaonongeka timathamangira kunena kuti ndi kusintha kwa nyengo, ngati kuti manja athu ndi oyera. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo sichinathe chifukwa cha dzuwa. Chinatha chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono monga nkacha ndi kambuzi, amene ankakokolola ana a chambo pamodzi ndi udzu wa pansi pa madzi momwe nsombazo zimabisala. N'chifukwa chake makomiti a m'madoko, aja timawatcha ma BVC, anayambira komweko mu 1993. Lero lino pitani pa gombe lililonse kuno mbandakucha, mukapeza neti yogawidwa kuti iteteze mwana ku malungo ikusefa kasawala, tiana ta chambo, m'madzi osaya. Mu 2018 bungwe la pa dziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Tikamauza msodzi kuti wolakwa ndi utsi wa mafakitale a ku Ulaya ndi ku China basi, timamupatsa chifukwa chopitirizira kukoka neti ija ndi mtima woyera.

Mlangizi wa za nsomba:

Aphunzitsi anena zoona, ndipo bambo a ku Kachulu anenanso zoona, koma ndikupempha kuti tisiyanitse nyanja ziwirizi chifukwa sizidwala mofanana.

Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira madzi. Imalandira madzi kuchokera ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, komanso Mnembo wochokera ku Mozambique, ndipo madzi amenewo amachoka m'njira imodzi yokha, ndiyo kuuma ndi dzuwa. Ndi yosayanso kwambiri, moti malo ambiri munthu amayendetsa bwato ndi nsungwi yoponda pansi. Choncho mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, nyanjayo imabwerera m'mbuyo makilomita ambiri. Kuphwa kumeneku sikunayambe lero, pakuti zolembedwa zakale zimasonyeza kuti inaphwanso cha m'ma 1914 ndi mu 1922, kotero sitinganene kuti chilala chilichonse ndi chachilendo. Chachilendo n'chakuti kutentha kwakwera, ndipo madzi osaya otambalala chotero amauma msanga kukatentha. Mvula nayo ikugwa yambiri pa masiku ochepa m'malo mogwa pang'onopang'ono nyengo yonse. Mvula yotero siilowa pansi kuti idzadyetse mitsinje m'chilimwe. Imathamanga pa mapiri opanda mitengo, n'kukokolola dothi, n'kukalithira m'nyanja imene ndi yosaya kale.

Madzi akamachepa, mchere wa m'nyanjamo umachuluka ndipo mpweya umachepa. Makumba ndi matemba zimathawira ku mathiriro a mitsinje ndi m'madambo a njedza, pamene mlamba umapirira nthawi yaitali chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja. Nsomba zimene zapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndizo mbewu ya nyanja yonse madzi akabwerera. M'zaka zabwino Chilwa inkapereka gawo limodzi mwa magawo asanu a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi, nthawi zina kupitirira apo, ndipo zonsezo zinkachokera ku mbewu yochepa imeneyi. Koma mbewuyo imafuna zaka zingapo kuti ichulukane, makamaka makumba amene amachira mochedwa kuposa matemba. Ngati nyanja ikuphwanso isanachire, ndiye kuti chilala chilichonse chikupeza nsomba zochepa kuposa chimene chinapita.

Msodzi wa chilimira, Senga Bay:

A mlangizi, mwafotokoza bwino za Chilwa, koma tiuzeninso za nyanja yathu yaikuluyi, chifukwa kuno madzi sakuphwa ayi. Chaka cha 2024 madzi anachita kukwera mpaka anameza mathandala athu, nyumba za m'mbali mwa gombe ndi malo ogona alendo kuno ku Salima ndi ku Mangochi. Chimene chatisokoneza ife ndi mphepo. Makolo athu ankadziwa kuti mwera ndi wa miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mpoto umabwera ndi mvula. Tsopano mwera umatha kuuka pa nthawi imene sitiuyembekezera, n'kukhala sabata yathunthu, alovi, anyamata okoka ukonde, ali khale pa mchenga, mwini boti akudya ngongole ya mafuta. Usiku wina tinapita ku kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi nyali, nyanja ili bata ngati mafuta m'mbale, siginala, wotsogolera usodziwo, wayatsa nyali zake, usipa wayamba kusonkhana bwinobwino. Tisanamalize kukoka kachiwiri mafunde anali atayamba kale kulowa m'boti, ndipo tinachita kudula chingwe n'kusiya ukonde kuti tipulumutse miyoyo. Ukonde umenewo ngongole yake sinathe mpaka lero.

Mlangizi wa za nsomba:

Pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekeranizo, achimwene, ndipo tithokoze kuti munabwerera amoyo. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo pozama kwambiri, ndipo madzi ake ali m'magawo osasakanikirana. Pamwamba pali madzi ofunda ndi opepuka, pansi pali ozizira ndi olemera, ndipo kupitirira mamita 250 kulibe mpweya woti nsomba n'kukhalako. Komatu chonde chambiri cha nyanjayi chili m'madzi a pansiwo, chifukwa zonse zakufa zimamira n'kukawolera kumeneko. Mwera ndiwo umagwira ntchito yotakasa: umaziziritsa madzi a pamwamba n'kuwakankhira kumpoto, ndipo kumwera kuno madzi a pansi amakwera ndi chonde chawo. Chonde chimenecho chimameretsa ndere zosaoneka ndi maso, ndere zimadyetsa tizilombo ta m'madzi, ndipo tizilomboto ndito chakudya cha usipa ndi utaka. N'chifukwa chake dera la Mangochi lili ndi nsomba zambiri kuposa madera akuya a kumpoto.

Choopsa cha kutentha n'chakuti madzi a pamwamba akafunda kwambiri amapepukiratu, ndipo mphepo imavutika kuwasakaniza ndi a pansi. Ku nyanja ya Tanganyika, imene imafanana ndi yathu pa kuya ndi pa mapangidwe, akatswiri anapeza kuti kufunda kwa madzi kwachepetsa kusakanikirana kumeneku ndipo chakudya cha nsomba chatsika. Miyeso ya m'nyanja yathu nayonso inasonyeza kuti madzi akuya akhala akufunda pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo. Pa za kukwera kwa madzi, tikumbukire kuti nyanjayi inatsikapo mpaka inaleka kuthira mu Shire kuyambira 1915 mpaka 1935, ndiye kukwera ndi kutsika ndi khalidwe lake. Koma chambo chimakumba zisa zake pa mchenga wa m'madzi osaya, ndipo mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaswana pa miyala yoyera. Matope obwera ndi madzi osefukira akakwirira malo amenewa, mazira amafa ngakhale pasapezeke munthu woponya neti.

Mphunzitsi wopuma, Monkey Bay:

Pamenepa ndagwirizana nanu, a mlangizi, koma onani kuti matope mukunenawo akuchokera m'minda imene talima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Mvula yamphamvu ndi ya kumwamba, koma dothi lopanda chogwira ndi lathu.

Mlimi wa maiwe, Phalombe:

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kuyankhapo chifukwa nthawi zonse nsomba za m'nyanja zikachepa, anthu amati yankho ndi ulimi wa nsomba. Ine ndinamvera uphungu umenewo. Ndinakumba maiwe atatu m'munsi mwa phiri la Michesi, ndinagula mbewu ya makumba ndi chilunguni, ndipo ndinkadyetsa madeya osakaniza ndi soya, kuthiramonso manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire. Mu Malichi 2023 nsomba zinali zitatsala mwezi umodzi kuti ndikolole. Usiku umene napolo anatsika ndi Freddy, ife tinathawira ku sukulu, ndipo nditabwerera patatha masiku anayi sindinathe kuloza pamene panali dziwe loyamba. Panali mchenga ndi miyala yaikulu ngati nkhokwe. Pa dziwe lachitatu khoma linagumuka mbali imodzi, ndipo m'kathaphwi kotsala ndinapezamo makumba asanu ndi awiri okha. Sindidandaula mopitirira, chifukwa anzanga a m'mudzi anataya ana awo usiku womwewo, ndipo m'dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000.

Ndinakonzanso dziwe limodzi ndi thukuta langa. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ija inachititsa kuti boma lilengeze mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kasupe amene ankadyetsa dziwe langa anauma mu Ogasiti, madzi anatsika mpaka m'mawondo ndipo masana ankafunda ngati osamba. M'mawa uliwonse ndinkapeza nsomba zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi, ndipo akakowa ndi ang'azi ankangotola. Ndinakolola tinsomba tosakwana chikhatho. Choncho amene akuti mdzukulu wa bambo a ku Kachulu asiye nyanja akakumbe dziwe adziwe kuti dziwe limamwa mvula yomweyo imene nyanja imamwa.

Nabanda, Mchinji:

Bambo a ku Phalombe, pepani ndithu. Kuno kwathu chimene chinatigwetsa ndi matenda. Mu 2020, m'nyengo yozizira, nsomba za m'maiwe ndi m'madambo a mtsinje wa Bua zinayamba kutuluka zilonda zofiira zonyeka mpaka mnofu kuoneka, ndipo a boma anatsimikiza kuti ndi matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anali asanaonekepo m'Malawi. Anatiletsa kugulitsa ndi kusamutsa nsomba kwa nthawi ndithu. Anatiuza kuti matendawa amakonda madzi akazizira ndiponso pambuyo pa mvula yambiri, ndipo madzi osefukira ndiwo amawanyamula kuchoka dziwe lina kupita lina. Gulu lathu la amayi khumi ndi awiri linali litatenga ngongole ya mbewu, ndipo theka la amayiwo silinabwererenso ku ulimiwu.

Mlangizi wa za nsomba:

Zimene mwanena nonse awiri ndi zimene timakumana nazo m'midzi, ndipo sindingakunamizeni kuti pali dziwe limene likanapirira miyala ya ku Michesi. Koma pa ng'amba ndi pa madzi osefukira wamba pali zimene zimathandiza. Maiwe ambiri a kwathu kuno ndi osaya, osafika ndi mita imodzi yomwe, chifukwa kukumba ndi khasu n'kowawa. Dziwe lofika mita imodzi ndi theka kapena ziwiri ku mbali yakuya limasunga madzi nthawi yaitali, silifunda msanga mu Okutobala, ndiponso silizizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, pamene makumba amaleka kudya bwino madzi akatsika pansi pa madigiri 20. Dziwe lisakumbidwe pa njira yeniyeni ya mtsinje. Madzi azibwera ndi ngalande imene mungathe kuitseka, pakhale potayira madzi akachuluka, ndipo makoma abzalidwe udzu wa vetiva. Kumene kasupe amauma, ndi bwino kuika mbewu mvula ikangokhazikika n'kukolola madzi asanathe, kusiyana n'kuumirira chaka chathunthu. Ku malo a kafukufuku a ku Domasi ndi ku Bunda akhala akuyesa njira zimenezi, koma chimene chimasowa ndi ndalama yolipira okumba, pakuti mlimi amene wangotaya zonse sangakumbe mamita awiri ndi njala.

Ena amafunsa chifukwa chimene sitikuweta nsomba zachilendo zokula msanga monga amachitira maiko oyandikana nafe. Lamulo limaletsa chifukwa cha madzi osefukira omwewa: dziwe likagumuka nsombazo zimalowa mu mtsinje, kenaka m'nyanja, n'kukasakanizika ndi chambo chathu, ndipo zikatero palibe amene angazitulutsemo.

Mlimi wa mpunga, Likangala:

Ndaona kuti zala zayamba kuloza kwa ife olima m'mbali mwa mitsinje, ndiye ndiyankhepo mwaulemu. Ndi zoona kuti masikimu a mpunga a Domasi ndi Likangala amapatutsa madzi amene akanafika m'nyanja, ndipo ndi zoonanso kuti nyanja ikaphwa anthu amathamangira kukalima pa matope otsalawo, ena mpaka kutentha njedza. Koma amene amachita zimenezi ndi asodzi omwewo, nsomba zikawathera. Munthu wa ku Chilwa ndi msodzi chaka chino, mlimi chaka chamawa, wosaka mbalame za m'madzi chaka chinacho, ndipo umo ndi momwe makolo anapulumukira. Kusiyana kwake n'kwakuti lero tachuluka, ndipo chimanga cha kumtunda chikapsa ndi dzuwa, anthu a m'midzi yakutali nawonso amatsikira ku nyanja komweko. Chilala chimachepetsa nsomba, n'kuchulukitsa asodzi pa nthawi imodzimodziyo.

Msodzi wa chilimira, Senga Bay:

Mfundo imeneyo ndi yoona ngakhale kuno. Chaka cha njala achinyamata amene sanagwirepo nkhafi amadzaza pa doko kufuna ulovi. Koma ndikufuna kutchula chilumba cha Mbenje, chifukwa chili pafupi nafe ndipo ndimapitako. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa a Makanjira umatseka chilumbacho m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo palibe amene amatsala kumeneko kapena kuponya ukonde pafupi. Potsegulira pamakhala mwambo, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Mphepo yosokonezeka imafikanso ku Mbenje, madzi ofunda ndi omwewo, koma utaka wa kumeneko ndi waukulu kuposa umene timagwira m'madoko ena. Zimenezi zimandiuza kuti nsomba zopatsidwa mpata woswana zimapirira nyengo yoipa kuposa zimene zikusakidwa usana ndi usiku.

Msodzi wa ku Kachulu:

Achimwene a ku Senga Bay, mwandikumbutsa chinthu chimene ndinachiona ndekha koma ndinali nditachiiwala. Nyanja itaphwa mu 1995, mafumu pamodzi ndi a nthambi ya za usodzi anakhazikitsa makomiti m'midzi ya m'mbali mwa mitsinje kuti alondere maiwe momwe nsomba zinathawira. Analetsa kuthira katupe, mankhwala ophera nsomba, ndi kukoka makoka m'maiwemo. Ine ndinalonderapo dziwe lina la mu Domasi usiku, njala ili m'mimba, mlamba ukuvundula madzi patsogolo panga, ndipo ndikuuzeni kuti sichinali chapafupi kuusiya. Madzi atabwerera, sipanathe zaka zitatu matemba anadzaza moti tinkasowa poyanika. Mu 2018 sindinaone khama lofanana ndi limenelo dera lathu. Maiwe ena anali atakwiririka kale ndi mchenga, ndipo ena anthu anawasefa ndi maneti a udzudzu mpaka kutsala matope okhaokha. Walira mvula walira matope, ndipo Freddy anatipatsadi madzi, koma makumba amene ndikuwaona m'matchera masiku ano ndi ochepa ndiponso ang'onoang'ono poyerekeza ndi a nthawi ija.

Mayi wa geni ya matemba, Songani:

Bambo, ngati makomiti amenewo adzayambirenso, amayi ogula nsomba tisasiyidwe kunja monga zimakhalira. Ife ndife timadziwa amene wabweretsa nsomba za katupe, chifukwa zimafewa msanga ndipo sizichedwa kununkha, ndiponso ndife tingakane kugula tiana ta nsomba pa nthawi yotseka nyanja. Koma kuti tikane, pafunika kuti tonse tikane pamodzi, chifukwa ine ndikakana ndekha mnzanga amagula n'kukagulitsa ku Limbe. Ndipemphenso a mlangizi kuti matenti oyanikiramo nsomba aja a pulasitiki, amene ndinawaona ku Mangochi, afike m'madoko ambiri a ku Chilwa, popeza m'menemo nsomba zimauma ngakhale kunja kukugwa mvula, ndipo ntchentche sizilowa.

Mphunzitsi wopuma, Monkey Bay:

Bambo a ku Kachulu, nkhani ya dziwe la mu Domasi yandikhudza, ndipo ndikuvomera kuti ndinayamba ndi mawu olimba. Munthu amene analondera nsomba ali ndi njala sindingamuphunzitse za udindo. Chimene ndikupempha n'chakuti mayina a maiwe amenewo alembedwe tsopano, madzi adakalipo, ndipo mafumu agwirizaniretu za amene adzalondere ndi chimene olonderawo adzadye, osadikira kuti nyanja iyambe yaphwa.

Msodzi wa ku Kachulu:

Aphunzitsi, palibe cholakwa, ndipo ganizo lanulo ndikalitula kwa a gulupu pa msonkhano wa komiti ya pa doko. Maiwe amene ndikuwakumbukira mu Domasi ndi mu Likangala ndi asanu ndi limodzi, ndipo akuluakulu anzanga a ku Mposa ndi ku Chisi akudziwa ena. Mdzukulu wanga ndamuwerengera zonse mwalembazi dzulo madzulo. Wasankha kugula bwato logwiritsidwapo kale ntchito ndi matchera a maso aakulu, osati atsopano monga ankafunira, ndipo ndalama yotsalayo walipira lendi ya kamunda ka mpunga ku Likangala. Loweruka tikupita limodzi kukaona dziwe lija ndinalondera, kuti tikaone ngati mchenga walisiyako.